Kadontho Kofiira ka Mayi Kalendala

Lolemba limenelo kunacha ndi mvula yowaza, yosaoneka ngati mvula, koma pofika kuntchito malaya anali atamatirira kumsana. Ndinakoloweka jekete kuseri kwa chitseko n'kuyatsa kompyuta. Itangokwana eyiti koloko foni inalira m'thumba. Uthenga wake ndinkaudziwa kale, komabe ndinaitulutsa.

Kampani yathu imasamalira nyumba zazikulu za m'tauni: zikepe, majenereta, mapampu a madzi, mathanki a padenga. Ine ndimayang'anira gulu la amisiri asanu ndi mmodzi. Kale ntchito tinkazilemba pabolodi ndi choko. Zaka zinayi zapitazo anatibweretsera pulogalamu ya pakompyuta. Ntchito iliyonse ili ndi mzere wake: ntchito yanji, nyumba iti, akagwire ndani, ithe liti. Kumapeto kwa mzerewo kuli kadontho. Kobiriwira ndiye kuti yatha, kachikasu ili m'kati, kofiira tsiku lapitirira. Mmisiri amaona mizere yake pafoni, akamaliza amadina. Lachisanu lililonse thwelofu koloko pulogalamuyo imasonkhanitsa yokha timadontho tonse n'kutulutsa lipoti, ndipo lipotilo amalionetsa pa sikirini yaikulu m'chipinda cha misonkhano, magulu onse anayi ali pomwepo.

Amene analowetsa ntchito zathu zonse mu pulogalamuyo anali mkazi wanga. Desiki yake inali pafupi ndi zenera, mu ofesi yomweyi. Anthu ankamutcha Mayi Kalendala chifukwa tsiku silinkamudutsa. Anagwa m'bafa Loweruka lina m'mawa, ndipo Lamulungu lake anamwalira. Panali patatha pafupifupi miyezi itatu.

Pa mizere yonse yomwe anasiya, umodzi sunali wa chikepe kapena jenereta. Pa ntchito analemba kuti, "Bambo a ana, kayezetseni bipi. Musandiuze zoti mawa." Pa dzina la nyumba, poti pulogalamuyo siilola kusiya malo opanda kanthu, analemba kuti, "Yakalekale, ya kwathu." Wokagwira ntchitoyo: ine. Anaukonza kuti ukautseka uzibadwanso mwezi wotsatira. Ukakhala wosatseka, Lolemba lililonse eyiti koloko umatumiza uthenga ku foni yanga, pamwamba pali dzina lake ndi kachithunzi kake, kochepa ngati chikhadabo.

Chichitikireni maliro ndinali ndisanapondeko kukiliniki. Kadonthoko kanali kofiira.

Cha m'ma naini Manijala anandiitanitsa. Ndi munthu wachinyamata, anabwera mkazi wanga atamwalira kale. Mu ofesi mwake ndinapezamo mtsikana wa makompyuta, amene tonse timamutcha Pasiwedi poti n'zimene timakamupempha tsiku ndi tsiku.

"Khalani pansi, Madala," anatero Manijala. "Akuluakulu akufuna kuti pulogalamuyi tiisese. Mwadzaza zinyalala: ntchito za nyumba zomwe tinazisiya kalekale, mizere yolembedwa kawiri. Ndiye aika lamulo. Mzere uliwonse wokhala wofiira masiku 90, pulogalamu iziufufuta yokha. Liyamba Lachisanu lino, lipoti likamatuluka."

"Wanu uja lero wakwanitsa masiku 86, bambo," anatero Pasiwedi motsitsa mawu.

Manijala anatembenuza sikirini kuti ndione. Magulu atatu anali obiriwira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Lathu linali ndi kamzere kofiira kopyapyala ngati ulusi.

"Nkhani yake andiuza, ndipo pepani kwambiri. Koma taonani. Gulu lanu ndi lomwe limagwira bwino kuposa onse, koma kumtunda saziona zimenezo. Amaona kofiirako n'kundiimbira foni. Sabata iliyonse ndimafotokoza za chinthu choti si ntchito ya kampani n'komwe. Mungodina kuti yatha, basi."

"Sinathe."

"Ndiye tiufufute lero, tisadikire Lachisanu."

"Ayi."

Anandiyang'ana kudikira mawu ena.

"Kapenatu mungopita kukayezetsa. Kiliniki si ili kuseri kwa msewu wachiwiriwu?"

Pasiwedi anayang'ana nsapato zake. Ine ndinaimirira.

"Ndili ndi thanki padenga, bwana."

Pali chinthu china chofunika kudziwa. M'gulu lathu kadontho sikabiriwira popanda chithunzi. Lamuloli ndinalipempha ndekha chaka chatha, wamagetsi wathu, Waya, atadina kuti jenereta ya nyumba ina waiyesa, pamene iye anali m'galimoto kubisala dzuwa. Magetsi atazima jeneretayo inakana kulira. Ndinapita kwa Pasiwedi n'kumuuza kuti aikemo kabokosi ka chithunzi, kosadumphika. Anaika. Anyamata anang'ung'udza mwezi wathunthu, kenako anazolowera. Amakatchula kuti kabokosi ka Madala.

Lachitatu ndinakwera padenga la nyumba ya nsanjika zisanu ndi ziwiri pamodzi ndi Sipanala, pulambala wathu. Sipanala ndi mlamu wanga, mchimwene wake wa malemu, wobadwa pambuyo pake. Thanki inkasefukira chifukwa vavu yake inali itatheratu. Iye analowetsa mkono m'madzi mpaka paphewa, ine ndinamugwirira chivundikiro.

"Alamu, mbiri yanu yafika mpaka kwa alonda," anatero. "Dzulo gulu la zikepe limandifunsa ngati tingawabwerekeko kofiira kathu, akuti kwawo kwasowa. Ndipatseni fiftini."

Ndinamupatsa sipanala ya nambala 15.

"Mukudziwa kuti pulogalamu ija ilibe maso? Chithunzi chilichonse imalandira. Tsiku lina ndinaika chithunzi cha phazi langa mwangozi, inabiriwira bwinobwino."

"Liti?"

"Aaa, zakale izo, musayambe milandu. Chomwe ndikunena n'chakuti ine ndili ndi kapepala kanga ka kukiliniki ka mwezi watha. Mujambule, chala chanu chiphimbe dzina, mudine. Mzere wa achemwali ukhalapo, bwana agona tulo, gulu la zikepe litseka pakamwa. Ndani wafa?"

Atangotero anadziluma lilime. Anapitiriza kumanga nati.

"Sindidina ntchito yomwe sindinagwire," ndinatero.

"Ndiye kagwireni! Mphindi zingati? Amangokumanga kansalu pamkono. Munthu wokwera padenga la nsanjika seveni opanda lamba n'kumaopa kansalu?"

"Manga vavu."

"Ndikumanga. Pakamwa sipagwira sipanala." Anatulutsa mkono n'kuupukuta pa ovolosi. "Ine ndinakulira kumsana kwa munthu ameneyu, alamu. Ndikumudziwa. Akanakhalapo akanakukokani khutu mpaka kukiliniki, anthu onse akuona."

Madzi anasiya kutsika m'paipi yotayira. Tinamvetsera kwa kanthawi. Mwina ndi chifukwa choti tinali pamwamba, popanda wina womva, ndinamuuza.

"Zaka zinayi timapita awiri kukiliniki. Mwezi ndi mwezi. Benchi yachitatu kuchokera pakhomo. Amandiyeza ine, iye atanyamula jekete yanga. Nesi ankati, 'Nanga mayi?' Iye ankati, 'Ine ndili bwino, wodwala ndi uyu.' Ine sindinanenepo kanthu. Ngakhale kamodzi."

Sipanala anayang'ana m'thanki.

"Dokotala anati bipi yake inali itakwera kwa zaka," ndinatero.

Mlamu wanga anatola zida n'kumaziika m'bokosi chimodzichimodzi, zomwe sachita nthawi zonse. Kenako anatulutsa foni, anajambula vavu yatsopano, anadina. Foni yanga inalira: thanki yabiriwira.

"Chithunzi chenicheni chimenecho," anatero. "Osati phazi."

Lachinayi nthawi ya nkhomaliro ndinapita kwa Pasiwedi. Kaofesi kake kali pansi pa masitepe, kodzaza mawaya ndi makiyibodi akufa. Ankadya ali pa kompyuta. Atandiona anavundikira kontena yake.

"Bambo, mwaiwalanso pasiwedi?"

"Ayi. Pulogalamuyi umaisintha mmene ukufunira. Kabokosi kaja unaika. Sungaubise mzerewu kuti lipoti lisauone?"

"Ndayesa kale, Lolemba lomwe lija." Anakoka mpando kuti ndikhale pambali pake. "Onani. Ndikhoza kuwonjezera kabokosi, kusintha dzina la kadontho, ngakhale kupanga mtundu wina, wabuluu kapena wapepo. Koma lamulo la masiku 90 aliika kumtunda, ine kiyi yake ndilibe. Siliona mtundu, limangowerenga masiku."

"Kuusamutsa?"

"Zimenezo zitheka. Ndikhoza kukutsegulirani malo anuanu, osalowa mu lipoti, n'kuukopera kumeneko. Koma pulogalamu imati mwini mzere ndi amene waulemba. Ndikaukopera, uthenga wa Lolemba uzibwera ndi dzina langa. Mukaukopera nokha, uzibwera ndi lanu."

"Ndizidzikumbutsa ndekha."

"Eya. Ndi kachithunzi kanu kaja kokwiya."

Sindinaseke, koma sindinamukwiyire.

"Dzina la mayi likhalapo pokhapokha ngati mzere womwewu uli moyo," anatero. "Ukatsekedwa bwinobwino, wa mwezi wamawa umabadwa kuchokera kwa womwewu, ndi dzina lawo. Ukafufutidwa, zonse zapita, ndi mbiri yomwe."

"Mbiri yanji?"

Anandiyang'ana modabwa. "Simunatsegulepo apa?"

Anadina kachizindikiro ka wotchi pakona. Ine pafoni ndimangoona mzere wa lero, za kuseri sindizifufuza. Panatsika mndandanda wautali. Mwezi uliwonse unali ndi mawu pansi pake, ndipo kuyambira chaka chatha panalinso chithunzi cha kapepala ka kukiliniki. Ndinkadziwa kuti tikabwerako mkazi wanga ankatenga foni yanga n'kutseka yekha mzerewo. Sindinkadziwa kuti ankalembamo.

"150/95. Mchere ndabisa pamwamba pa kabati."

"142/90. Akuti tiyi wopanda shuga ndi chilango. Amwa."

"160/100. Anakangana ndi Waya za jenereta. Waya, ukandiphera mwamuna udzamulera ndiwe mwana wathu."

"138/88. Nesi wawayamikira. Ayankha kuti 'hm'."

Inalipo miyezi 45. Womaliza unali wa milungu iwiri asanagwe: "135/85. Tikupita bwino. Mwezi wamawa ndiyezetsa nanenso, andikakamiza ndi maso."

Ndinawerenga kawiri. Sindikukumbuka kuti ndinamuyang'ana mwa mtundu uliwonse tsiku limenelo. Koma iye ankawerenga nkhope yanga kuposa mmene ine ndimaidziwira.

"Ndikusindikizireni pa pepala?" anafunsa Pasiwedi. "Kuti zikafufutika mukhale nazo."

"Sindikiza."

Makina anatulutsa masamba asanu ndi limodzi, ofunda. Anawamenya sitepula n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Koma pepala silitumiza uthenga Lolemba, bambo."

"Ndikudziwa, mwanangu."

Lachisanu ndinagawa ntchito monga mwa masiku onse. Waya ndi mnzake ku jenereta ya hotela, atatu ku mapampu, Sipanala kukaona chimbudzi chotayira madzi pa nsanjika yachitatu ya nyumba ya maloya. Ine ndinali ndi ntchito yoyendera chipinda cha mapampu m'nyumba ina ya kumsika. Onse atatuluka ndinakhala pa desiki. Desiki ya pazenera ija anaikapo makina osindikizira, koma mpando ndi womwe uja.

Hafu pasiti naini Manijala anasuzumira pakhomo.

"Madala, ndalembera kumtunda kupempha kuti mzere umenewu ausiye. Ayankha kuti lamulo ndi la aliyense." Anakanda kumutu. "Ndinayesa."

"Zikomo, bwana."

Atachoka ndinatsegula mzerewo pa kompyuta. Pansi pake pali malo olembapo mawu, omwe gulu lonse limaona. Pa zaka zinayi ndinali ndisanalembepo kalikonse pa mzere uliwonse. Ndinalemba ndi chala chimodzi: "Ndapita."

Ndisanafike n'komwe pa jekete, foni inayamba kulira motsatizana. Waya anasamutsira ntchito yanga ya kumsika ku dzina lake, n'kulemba kuti, "Mapampu ndatenga ine. Chithunzi ndijambula ndili m'kati, osati m'galimoto." Wina anaika kachala koloza m'mwamba. Sipanala analemba kuti, "Musasunthe, ndikubwera ndi galimoto."

Ndinamuyankha kuti, "Konza chimbudzi." Ndinapita wapansi.

Kiliniki ili monga ndinaisiyira: khomo la galasi lomata ndi tepi pakona, fungo la mankhwala okolopera, wailesi yakanema yopanda mawu. Ndinatenga nambala pa kauntala. Inali 31. Pa khoma panali 19. Wotchi inati teni koloko ndi mphindi khumi.

Benchi yachitatu inali ndi malo. Zina zonse zinali zodzaza. Ndinaima kwa kanthawi, mpaka mayi wina wa mwana kumsana anasendera n'kunena kuti, "Khalani, agogo, simulipira." Ndinakhala. Jekete ndinaiika pamiyendo panga poti panalibe woinyamula.

Nambala zinkayenda mwaulesi. Munthu mmodzi analowa n'kukhalamo mphindi makumi awiri. Ileveni koloko inakwana pali 25. Ndinawerengetsa n'kuona kuti thwelofu ikhoza kundipeza pabenchi. Sindinapemphe aliyense kuti andilowetse patsogolo. Onse anabwera ndi matenda awo.

Hafu pasiti ileveni Sipanala analowa, ovolosi itanyowa m'mawondo.

"Chimbudzi chabiriwira, musandifunse," anatero asanakhale. Anayang'ana khoma, anayang'ana kapepala kanga. "28? Alamu, ndikalankhule ndi nesi. Ndimuuza kuti muli ndi ntchito ya boma."

"Khala pansi."

"Ndiye ndijambuletu nambala yanuyi, tiike. Si umboni woti mwafika?"

"Ntchito ndi kuyezetsa. Si kufika."

"Mayo ine, achemwali anapirira zambiri!" Anakhala n'kundilanda jekete. "Bweretsani kuno, mukuikwinya."

Nambala 29 sanapezeke, anali atatopa n'kupita. Nambala 30 anangobwera kudzatenga zotsatira. Kutatsala mphindi khumi ndi zitatu kuti ikwane thwelofu, khoma linati 31.

Nesi anali yemwe uja, wa magalasi a chingwe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo.

"Mwasowatu, bambo. Mayi ali kuti lero?"

"Anatisiya. Miyezi itatu."

Anaika cholembera pansi. "Pepani. Pepani kwambiri." Sanafunse zambiri. Anandipinda mkono wa malaya yekha, anamanga kansalu kaja, anadina batani. Kanafufuma n'kundifinya, kenako kanaphwa pang'onopang'ono. Anayang'ana manambala, anagwedeza mutu, anayezanso mkono winawo.

"172/104. Mankhwala munasiya liti?"

"Atatha."

"Atatha liti?"

Ndinatsitsa mkono wa malaya. Analemba pa kapepala, anadinda, analembanso pepala lina la mankhwala.

"Awa muyambe lero, osati mawa. Mubwerenso pakatha milungu iwiri. Ndipo amene ali panja atanyamula jekete yanuyo ndani?"

"Mlamu wanga."

"Anayezetsa liti?"

"Akuti mwezi watha." Ndinatsegula chitseko. "Alamu, lowa. Akuyeze."

"Ine? Ine ndili bwino, wodwala ndi—"

"Lowa."

Anandiyang'ana, kenako analowa mwakachetechete n'kupinda yekha mkono wa ovolosi.

Ndinaima pakhonde, ndinayala kapepala pa bondo, ndinajambula dzina langa likuoneka ndi deti lomwe. Ndinaika m'kabokosi ka chithunzi. Pa malo a mawu ndinalemba kuti, "172/104." Ndinaganiza zowonjezera, koma sindinapeze mawu ofanana ndi ake. Ndinangolemba kuti, "Mchere ndiubweza pa kabati." Ndinadina. Kunali kutatsala mphindi zinayi.

Kadontho kanabiriwira. Mzerewo unatsika kupita ku mbiri, wa nambala 46, ndipo pamalo pake panabwera wina wachikasu, wa mwezi wamawa. "Bambo a ana, kayezetseni bipi. Musandiuze zoti mawa." Pamwamba pake panali dzina lake ndi kachithunzi kaja.

Thwelofu itadutsa pang'ono, Pasiwedi anatumiza chithunzi cha sikirini ya m'chipinda cha misonkhano. Magulu onse anayi anali obiriwira. Manijala analemba pansi pa mzerewo kuti, "Milungu iwiri ikakwana mundiuze, m'mawa umenewo sindikuikirani ntchito." Sindinamuuze za milungu iwiri. Amene anamuuza anali Sipanala, yemwe anatuluka kwa nesi akulemba pafoni, kapepala kake atakaluma pakamwa.

"Yanga ili bwino kuposa yanu," anatero. "Koma akuti ndichepetse mimba. Tiyeni, galimoto ili panja."

"Pita. Pali pampu ya thu koloko."

Ndinatenga jekete yanga m'manja mwake n'kuivala. Ndinawoloka msewu, ndinalowa m'sitolo ya mankhwala, ndinapereka pepala lija pa kauntala.